Kujambula malo osungira nyama ndi kuwerengera ndalama zake: phunziro la pa wailesi

WOULUTSA: Takulandirani nonse a ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka Nsanje. Lero tikuthandiza makalabu a zachilengedwe m'sukulu amene apatsidwa ntchito yojambula kamalo kosungira nyama ndi kulemba bajeti yake. Tili ndi aphunzitsi a masamu komanso amisiri omanga mipanda. Aphunzitsi, ana ayambire pati?

APHUNZITSI: Ayambe ndi pepala la timabokosi, rula ndi pensulo. Tiyerekeze kuti amfumu apereka hekitala imodzi, mamita 100 mulitali, 100 mulifupi. Amenewo ndi masikweya mita 10,000. Papepala sentimita imodzi iimire mamita 5, ndiye malo onse akhala masentimita 20 mbali iliyonse. Mulingo umenewu aulembe pansi pa pepala, chifukwa ambiri amaiwala, khola la akamba n'kudzatuluka lalikulu kuposa la nswala.

Tsono mvetserani apa. Nyama imadya ndi kugona m'kati, koma ndalama zimathera m'mphepete, pa mpanda. Hekitala ya 100 kwa 100 imafuna mpanda wa mamita 400. Hekitala yomweyo mukaitalikitsa kukhala 200 kwa 50, mpanda ndi mamita 500. Mukaiwondetsa ngati munda wa m'mbali mwa msewu, 400 kwa 25, mpanda wafika 850. Udzu wa nyama sunachuluke ngakhale pang'ono.

WOULUTSA: Nanga m'makwacha zikutanthauza chiyani?

APHUNZITSI: Mitengo ikusintha pafupipafupi, ndiye ana akafunse okha kusitolo tsiku lolemba bajeti. Pano tingoyerekeza kuti mita imodzi ya mpanda, kuphatikiza waya, mapolo ndi simenti, ndi K15,000. Mamita 400 ndi K6,000,000. Mamita 500 ndi K7,500,000. K1,500,000 yapita chifukwa cha kajambulidwe chabe. Khola lozungulira ndiye limapulumutsa kwambiri, hekitala imodzi imangofuna mamita pafupifupi 355, koma makola ozungulira salumikizana, amasiya timipata topanda ntchito pakati.

Ndipo kulumikizako n'kofunika. Makola anayi a 50 kwa 50, lililonse palokha, ndi mamita 800. Muwagundanitse kuti agawane mipanda yapakati, atsika kufika 600.

AMISIRI: Pepani aphunzitsi, ndiwonjezereko. Kugawana mpanda n'kwabwino, koma onani amene mukuwagundanitsa. Mbawala siingagone pafupi ndi ng'ona n'kukhala mwamtendere. Chachiwiri ndi ngodya. Nswala kapena boo, uja ena amati nyala, wa ku Lengwe uja, akadzidzimuka amathamanga motsatira mpanda, akafika pa ngodya yosongoka amadziwomba pa waya n'kuthyoka mwendo kapena khosi. Ngodya za khola lawo muzidule, zikhale zokhota. Mpanda wawo ukwere mamita 2.4, chifukwa amenewa ndi akatswiri olumpha. Njiri siilumpha koma imakumba, ndiye waya wake mumukwirire theka la mita pansi.

WOULUTSA: Zapapepala zatheka. Pabwalo akayeza bwanji, poti makina alibe?

AMISIRI: Chingwe cha mamita 12, zikhomo zitatu ndi tepi, basi. Mangani mfundo pa mamita 3, ina pa mamita 7, kenako lumikizani nsonga ziwiri zija. Ana atatu agwire, wina polumikizirapo, awiri pa mfundo, akoke mpaka chingwe chilimbe. Mbali zituluka 3, 4 ndi 5, ndipo ngodya ya pakati pa 3 ndi 4 ndiyo sikweya yeniyeni. Chingwe cha nailoni chimatamuka padzuwa la kuno, choncho muziyezanso ndi tepi. Mukakhoma ngodya zonse zinayi, yezani mopingasa uku ndi uku. Khola la 30 kwa 40 lipereke mamita 50 mbali zonse ziwiri. Zikasiyana, khola lapendama, zulani muyambirenso musanakumbe dzenje ndi limodzi lomwe.

Mapolo pamamita 2.5 aliwonse. Mpanda wa mamita 400 wozungulira malo onse ufuna mapolo 160. Koma mpanda wongodutsa, woyambira apa kukathera apo, muwonjezere limodzi: mamita 50 ndi mipata 20 koma mapolo 21. Polo limodzi limenelo ndi limene ana amalephera nalo mayeso, ndipo akuluakulu amabwerera nalo kusitolo.

Dothi nalo muliwerengere. Makande a ku Ngabu amang'aluka m'chilimwe, mvula ikagwa n'kufufuma, mapolo n'kupendekeka. Kumeneko dzenje lifike masentimita 75, a m'ngodya achirikizidwe ndi ena opingasa. Mtengo wosathira mankhwala ndi ndiwo za chiswe.

WOULUTSA: Kuno kwathu madzi ndi nkhani. Nthawi ina akusowa, nthawi ina achuluka.

APHUNZITSI: Asanajambule khola lililonse, afunse akuluakulu pamene madzi anafika mu 2015, nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi ya namondwe Freddy mu 2023. Alembe mzere papepala, makola onse akhale kumtunda kwake. Khola la ng'ona likasefukira, mudzi wonse sugona.

Dziwe lomwera la mamita 4 kwa 3, lozama theka la mita, ndi 4 kuchulukitsa ndi 3 kuchulukitsa ndi theka, tipeza makiyubiki mita 6, kutanthauza malita 6,000, madiramu 30 a malita 200. Madzi akangotsika sentimita imodzi ndi dzuwa la Okutobala, malita 120 apita. Ndiye dziwe likhale pamthunzi, ndipo mitengo imene ilipo kale, mlambe kaya bwemba, ijambulidwe poyamba, makola azitsatira iyo. Mbali imodzi ya dziwe ikhale yotsetsereka kuti kamba akagweramo atuluke. Mijigo ina ya m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere, alawe asanadalire.

Bajeti ikhale ndi mizere iwiri. Woyamba wa zogula kamodzi: mpanda, mageti awiriawiri pakhola lililonse kuti lina litsekedwe linalo lisanatsegulidwe, dziwe, njira ya alendo ya mamita 2 mulifupi, zimbudzi. Wachiwiri wa mwezi ndi mwezi: alonda, madzi, mankhwala, udzu wogula msipu ukatha m'chilimwe. Wachiwiriwo auchulukitse ndi 12. Pamwamba pa zonse awonjezere K10 pa K100 iliyonse ya zogwa mwadzidzidzi.

WOULUTSA: Wina atafuna kumangadi?

AMISIRI: Nyama zakutchire sizisungidwa popanda chilolezo cha dipatimenti ya boma yoona za nyama zakutchire, ayambire kumeneko. Kwa ana asukulu, pabwalo zikhomo ndi chingwe n'zokwanira. Kalabu ikapeza mwayi wopita ku Majete, malo osungira nyama amene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003, anyamule tepi ndi kope. Mpanda wa kumeneko ndi wamagetsi, asaukhudze. Apemphe owayendetsa awauze kutalika kwake ndi mipata ya mapolo, akayerekeze ndi zimene analemba.