Makalata Anu: Khansa Inatha, Nanga Phumali Lachokera Kuti?

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina ku Ntcheu. Akuti: "Mwana wanga anamuchotsa impso ali ndi zaka 4 chifukwa cha chotupa cha khansa. Pano ali Fomu 2, koma akangosewera netiboli pang'ono amapuma mwawefuwefu, madzulo mapazi atupa. Apongozi akuti ndi ulesi. Ine ndimakumbukira mankhwala ena ofiira ngati Cherry Plum amene ankamuika pa diripi. Kodi khansa yabwerera?"

Mayi, apongozi tiwapatse ulemu wawo, koma ulesi sutupitsa mapazi. Chotupa cha impso chofala mwa ana chimatchedwa Wilms, ndipo mankhwala ofiirawo ayenera kuti anali doxorubicin, aja amene amafiiritsanso mkodzo. Amagwiradi ntchito, koma mwa ana ena amafooketsa mnofu wa mtima mwakachetechete. Zimadzaoneka patatha zaka ngakhale 10, thupi likamakula msanga mtima n'kumalephera kukwanitsa ntchito. Sindikunena kuti ndi zimenezo, pa wailesi sitipima munthu. Kuchepa kwa magazi kapena vuto la impso yotsalayo zingathenso kuchita zomwezi. Koma musadikire holide ayi. Pitani naye kuchipatala chachikulu sabata ino, mukapemphe sikani ya mtima, amuyeze BP, magazi ndi mkodzo. Kabuku kakuchipatala kakale kaja, ngakhale kang'ambike chikuto, katengeni, chifukwa dokotala adzafuna kuona dzina la mankhwala ndi mlingo wake. Ndiponso wa impso imodzi asamamwe Brufen mwachisawawa akamamva cham'mimba posamba. Tsiku lina akadzafuna kukhala ndi pakati, adzayambe wayezetsanso mtimawo.

Ina yachokera kwa mnyamata wa zaka 17 ku Mangochi, amene anachira khansa ya pa nsagwada yotchedwa Burkitt ali Sitandade 1. Akuti anzake akumunena kuti sadzabereka.

Achimwene, anzanuwo anaphunzira liti udokotala? Zoona, cyclophosphamide, mankhwala amene amapatsidwa pochiza Burkitt, angathe kuchepetsa mbewu ya abambo, koma zimatengera kuchuluka kwa mankhwala amene munalandira, ndipo ambiri amene anachira amabereka bwinobwino. Umuna umayezedwa kuchipatala, mungathe kukafunsa. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musakayesere pa mwana wa eni kuti mutsimikize.

Tipume kaye ndi nyimbo, tikabwerera tiwerenga ya bambo wa ku Mzimba.