Makalata a Omvera: Mawu Oti South Anachokera Kuti?

Takulandirani omvera nonse ku gawo lathu la makalata. Sabata ino atipeza makalata atatu ochokera kutalikutali, koma onse akufunsa za mawu amodzi a Chingerezi, oti south, omwe ife timati kummwera. Tiyambe ndi ya mtsikana wa Fomu 3 wa ku Mulanje.

"Amalume, aphunzitsi athu a jogalafe anatiuza kuti mawu oti south ndi apachibale ndi mawu oti sun, kutanthauza dzuwa. Ine sizikundilowa. Dzuwa limatuluka kummawa n'kukalowa kumadzulo, nanga kummwera likukatani? Chinanso, bwanji south timatchula kuti sauthi, koma southern n'kumveka ngati sathani, pomwe zilembo zoyambirira n'zofanana?"

Mphwanga, aphunzitsi ako sanakunamize. Zaka zoposa 1,000 zapitazo Angerezi ankati suth, akumakoka u uja. Ajeremani lero amati Süden, Adatchi amati zuid, ndipo m'Chiafirikanzi muli suid. Akatswiri ambiri a zilankhulo amati onsewa anaphuka pa tsinde limodzi lotanthauza mbali ya dzuwa.

Chakusokoneza n'chakuti ukuliyang'ana dzuwa uli ku Mulanje. Amene anapanga mawuwa ankakhala kumpoto kwa Ulaya. Mzinda wa London uli madigiri 51 kumpoto kwa ikweta, ndipo kumeneko dzuwa silifika paliwombo ngakhale tsiku limodzi pachaka. Limatuluka ndithu chakummawa, koma masana onse limayenda mopendekera kummwera, ndipo mu Disembala limangodutsa m'munsimunsi. Kwa anthu a m'dziko lozizira chotere, mbali imene kumachokera kutentha ndi nkhani yaikulu: khomo la nyumba, dimba, pokhala okalamba, zonse amazifuna mbali imeneyo. N'chifukwa chake anaitchula ndi dzina la dzuwa.

Kwathu kuno zinthu zinatembenuka. Mu Juni, nthawi ya 12 koloko masana, zika kamtengo pabwalo la sukulu. Udzaona chithunzithunzi chake chikuloza kummwera, chifukwa dzuwa lili kumpoto. Kwanu ku Mulanje limapendekera kummwera pang'ono chabe, kuyambira mu Novembala mpaka kuchiyambi kwa Febuluwale. Makolo athu sanatchule mbali ziwirizi potengera dzuwa ayi, anatengera mphepo. Mwera ndi mphepo yamphamvu ija imavutitsa asodzi panyanja m'miyezi yozizira, ndipo mpoto ndi inzake yochokera mbali inayo. Ine ndimafunitsitsa aphunzitsi akamaphunzitsa za kampasi azitulutsa ana panja kukaona zimenezi ndi maso, m'malo mongowaloweza mayina anayi a pabolodi.

Za katchulidwezo, pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi 1600 Angerezi anasintha katchulidwe ka mavawelo awo aatali. Mus anakhala mouse, hus anakhala house, ndipo suth naye anakhala south. M'mawu oti southern vawelo ija inali itafupika kale, choncho kusinthako kunaidumpha. Zilembo zinafanana, koma pakamwa zinasiyana.

Kalata yachiwiri alemba ndi bambo wina amene akugwira ntchito ya zomangamanga ku Johannesburg.

"Achimwene, tiweruzeni. Mnzanga wa ku Tete akuti dziko la Sudan linatchedwa choncho chifukwa lili kummwera kwa Egypt, pakuti m'Chifalansa kummwera ndi sud, m'Chipwitikizi ndi sul. Akutinso South Sudan ndiye kuti kummwera kawiri. Ine ndikukana, koma ndilibe umboni."

Bambo, mlanduwu mwawina ndinu. Dzina la Sudan ndi la Chiarabu, kuchokera ku bilad as-sudan, dziko la anthu akuda, ndipo Aarabu ankatchula choncho chigawo chonse cha kunsi kwa chipululu cha Sahara. South Sudan, imene inadziimira payokha pa 9 Julayi 2011, ili ndi kummwera kumodzi kokha. Koma mnzanuyo musamuseke kwambiri, khutu lake ndi lakuthwa. Sud wa Afalansa, sur wa Asipanishi ndi sul wa Apwitikizi ndi apachibale enieni a south. Afalansa anabwereka mawuwa ku Chingerezi chakale, kenako anafalikira kwa anansi awo. Chilatini chinali ndi mawu akeake, australis, omwe anabala dzina la Australia, ndipo ndi omwenso mnzanuyo amawamva a wailesi ya kwawo akamati África Austral. Mukafuna dzina lobisadi south, lili pafupi nanu pomwepo: Soweto ndi chidule cha South Western Townships.

Yomaliza yachokera kwa mayi wina, namwino ku Britain.

"Ndangoyamba ntchito kuno. Tsiku lina mnzanga ananena za wodwala kuti he is going south, ine n'kumaganiza kuti akumusamutsira kuchipatala china. Chinanso, ndinaona pamapu dera lotchedwa Sutherland, akuti dzinali limatanthauza dziko la kummwera, koma lili kumapeto kwenikweni kwa Scotland, kumpoto. Zikutheka bwanji?"

Mayi, funso loyambalo ndi lofunika kwambiri pa ntchito yanu, ndipo anamwino ena amene akumvera alisunge. Mukamva kuti wodwala is going south, thamangani: akutanthauza kuti matenda akukula. Amanenanso chimodzimodzi za bizinesi imene ikugwa, mitengo ya masheya ikatsika, kapena zokambirana zikasokonekera. Kalankhulidweka kanatchuka ku America, ndipo ambiri amakafotokoza ndi mapu: kumpoto amakuika pamwamba, kummwera pansi, ndiye kupita kummwera kunasanduka kutsika. Ine sindikondwera nako, chifukwa kuika kumpoto pamwamba ndi chizolowezi chabe cha ojambula mapu, ndipo ife a kuno tikamva mbali yathu ikuimira kugwa, mtima umawawa. Komabe pawodi muyenera kukamva msanga.

Sutherland analitchula ndi Mavaikingi, anthu ochokera ku Norway amene ankalamulira zilumba za Orkney. Kwa iwo, ataima pazilumbazo, derali linalidi kummwera, ndipo dzina linakhala ngakhale eni ake anachoka kalekale. Mukamayenda ku England mudzapeza south atabisala m'mayina ambiri. Sussex ndi kwa Asakisoni (mtundu wina wa makolo a Angerezi) a kummwera, Suffolk ndi anthu a kummwera poyerekeza ndi anzawo a ku Norfolk, ndipo Sutton, dzina lomwe lili pa midzi yambirimbiri, ndi mudzi wa kummwera. Chenjerani ndi Southwark, mu London kutsidya la kummwera kwa mtsinje wa Thames. Eni ake amatchula ngati Sathaki, ndipo mukafunsa njira mukuwerenga chilembo chilichonse, woyendetsa basi akhoza kukufunsani kawiri.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Mphwanga wa ku Mulanje, Juni akafika udzatilembere kumene chithunzithunzi cha kamtengo kaja chidzaloze, tidzawerenga pompano.