Mtaya wa Juniper Ridge: dzala lomwe linagulidwa kuti lipulumutse fakitale

[Chithunzi: mapu a dziko la America, kamera ikuyandikira kumpoto chakum'mawa, kenako mtsinje wa Penobscot]

Takulandirani, abale ndi alongo. Lero tiyeni tipite ku Maine, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa America chomwe chachita malire ndi Canada. Kumeneko kuli katawuni kotchedwa Old Town, ka anthu osafika 8,000, m'mbali mwa mtsinje wa Penobscot. Kwa zaka zoposa 100 moyo wa katawuni aka unkadalira mitengo: macheka, mabwato, ndipo koposa zonse fakitale yophika nkhuni n'kupanga mapepala. Agogo anagwira ntchito mmenemo, bambo nawonso, ana akamaliza sukulu ankadziwa kolowera.

Mukapita lero, chomwe chikukulirakulira m'derali si fakitale ayi. Ndi phiri la zinyalala lotchedwa Juniper Ridge, lomwe limalandira pafupifupi theka la zinyalala zonse zomwe zimakwiriridwa m'chigawo cha Maine. Funso langa ndi lakuti: dzala la fakitale imodzi linasanduka bwanji mtaya wa chigawo chonse?

[Chithunzi: fakitale yakale ya mapepala, utsi ukutuluka pa chumuni]

Fakitale ya mapepala imasiya zotsalira zambiri: matope ochokera m'madzi otsukira, phulusa, zinyenyeswa za makungwa. M'zaka za m'ma 1990 eni fakitale ya ku Old Town anapatsidwa chilolezo chokhala ndi dzala lawolawo kumadzulo kwa tawuniyi, kumalire ndi mudzi wa Alton. Anthu a kumeneko ankadziwa kuti dzalalo ndi la zotsalira za fakitale yawo, fakitale yomwe inkawapatsa chakudya.

Mu 2003 zinthu zinatembenuka. Kampani ya Georgia-Pacific, yomwe inali mwini fakitale pa nthawiyo, inayamba kuchepetsa ntchito, ikudandaula kuti ikuwononga ndalama zambiri, makamaka pa mphamvu zoyendetsera makina. Boma la Maine, motsogozedwa ndi bwanamkubwa John Baldacci, linathamanga kufuna njira. Njira yomwe inapezeka ndi iyi, ndipo mumvetsere bwino chifukwa nkhani yonse yagona apa. Boma ligule dzala lija kwa Georgia-Pacific. Ndalama zogulira, madola 26 miliyoni, zichokere ku kampani ya zinyalala ya Casella Waste Systems ya ku Vermont. Georgia-Pacific igwiritse ntchito ndalamazo kutsitsa mtengo woyendetsera fakitale kuti ntchito za anthu zisathe. Casella nayo ipatsidwe mphamvu yoyendetsa dzalalo kwa zaka 30. Mgwirizanowu unatheka mu 2004.

Mu 2006, patangopita zaka ziwiri, Georgia-Pacific inatseka fakitale. Anthu mazanamazana anabwerera kunyumba opanda ntchito. Kuchokera pamenepo fakitaleyi yakhala ikusinthanasinthana eni ake: ena akatsegula, patapita zaka zochepa atseka. Mu 2015 inatsekedwanso, mu 2018 inagulidwa ndi ND Paper, nthambi ya kampani ya ku China ya Nine Dragons, ndipo mu 2023 makina anaimanso. Koma zaka 30 za mtaya zija palibe anazichepetsa. Malole sanasiye kubwera ngakhale tsiku lomwe fakitale inazimitsa moto.

[Chithunzi: malole odzaza zinyalala ali pa sikelo pa chipata cha mtaya]

Mwina mukufunsa kuti boma linaloweramo chifukwa chiyani, osangosiya makampani awiriwo kugulitsana. Yankho lili m'malamulo. Mu 1978 khoti lalikulu la America linagamula, pa mlandu wa mzinda wa Philadelphia ndi chigawo cha New Jersey, kuti zinyalala ndi katundu wa malonda ngati wina aliyense, choncho chigawo sichingatseke malire ake kuti zinyalala za chigawo china zisalowe. Koma ngati mtaya ndi wa boma lenilenilo, boma ngati mwini malo likhoza kusankha zoti zilowe. N'chifukwa chake Maine inaletsa kutsegula mitaya yatsopano ya makampani mu 1989. Anthu a ku Old Town anauzidwa kuti mtaya wa boma ndi chitetezo chawo: muzilowa zinyalala za ku Maine zokha.

Apa ndi pomwe ine mtima umandiwawa. Lamulo linkati zinyalala zomwe zadutsa pa malo osankhira zinyalala a ku Maine zimawerengedwa kuti ndi za ku Maine. Ndiye taganizirani. Zigumukire za nyumba zogwetsedwa ku Massachusetts ndi zigawo zina, matabwa, mabodi, makapeti, mipando, zinkakwera lole n'kukatsitsidwa mumzinda wa Lewiston ku Maine. Kumeneko ankachotsamo zochepa zoti n'kugwiritsidwanso ntchito, ndipo zochuluka zotsalazo zinkakwezedwanso lole kupita ku Juniper Ridge zitasintha dzina. Pa pepala zinali za ku Maine. Anthu okhala m'mbali mwa msewu ankaona ndi maso awo kuchuluka kwa malole, ndipo anadandaula za chinyengo chimenechi kwa zaka zoposa khumi asanamvedwe.

[Chithunzi: nyumba zoyandikana ndi mtaya, kenako mathanki onyamula madzi akuda]

Nanga dandaulo lawo la tsiku ndi tsiku n'lotani? Choyamba aliyense amatchula fungo. Zinyalala zikamawola pansi popanda mpweya zimatulutsa mpweya wa hydrogen sulfide, uja wonunkha ngati mazira ovunda, ndipo mabodi a gypsum ochokera m'nyumba zogwetsedwa amawonjezera vutoli. Pali phokoso la malole. Pali moto: mu Meyi 2023 mtayawu unayaka, utsi n'kufalikira m'deralo.

Koma chodetsa nkhawa kwambiri ndi madzi. Mvula ikagwa pa phiri la zinyalala imalowa pansi, n'kusungunula chilichonse chomwe yakumana nacho. Pansi pa mtaya anayala mapulasitiki okhuthala ndi dongo, ndipo mapaipi amasonkhanitsa madzi akudawo, magaloni mamiliyoni ambiri pa chaka. Kwa zaka zambiri madziwa akhala akutengedwa pa mathanki kupita ku malo oyeretsera madzi a fakitale ya mapepala yomwe ija, ndipo akatuluka mmenemo amathiridwa mumtsinje wa Penobscot. Malo oyeretserawo anamangidwa kuti azithana ndi zonyansa za fakitale ya mapepala. Sanamangidwe kuti azichotsa mankhwala a PFAS.

PFAS ndi gulu la mankhwala omwe amaikidwa m'mapoto osamatirira, m'zovala zosalowa madzi, m'mapepala okulungira zakudya ndi mu thovu lozimitsira moto. Sawola. Akalowa m'nthaka, m'madzi kapena m'magazi a munthu amakhalitsa zaka zambiri, ndipo ena mwa iwo akatswiri a zaumoyo anawapeza kuti akukhudzana ndi khansa ya impso, matenda a chiwindi komanso kufooka kwa chitetezo cha m'thupi.

[Chithunzi: chilumba cha Indian Island, bwato pamtsinje]

Makilomita ochepa kuchokera pa mtayawu pali chilumba cha Indian Island, likulu la mtundu wa a Penobscot, eni nthaka omwe anali pamtsinjewu azungu asanafike. Kwa iwo mtsinje ndi wachibale, ndipo kudya nsomba zake ndi ufulu wa makolo. Anavutika kale ndi mankhwala a dioxin ochokera m'mafakitale a mapepala, mpaka kuchenjezedwa kuti asamadye nsomba zambiri za mumtsinje wawo womwe. Anagwira ntchito yaikulu pamodzi ndi mabungwe ena kuti madamu awiri agwetsedwe: la Great Works, lomwe linali pafupi ndi fakitale ija, mu 2012, ndi la Veazie mu 2013. Nsomba zochokera kunyanja zinayambanso kukwera mtsinje mwaunyinji. Nsomba zomwezo, pokwera kupita kwa a Penobscot, zimadutsa pomwe madzi a mtaya amathiridwa. Munthu amene wagwetsa damu kuti nsomba zibwerere ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti nsombazo zikusambira m'madzi otani.

[Chithunzi: nyumba ya malamulo ku Augusta, likulu la Maine]

Mu 2022 nyumba ya malamulo ya Maine inachita zinthu ziwiri zabwino, koma zinawombana pa Juniper Ridge. Inatseka mpata wa zinyalala zosintha dzina zija. Inaletsanso kuthira matope a suweji m'minda ngati manyowa, kukhala chigawo choyamba ku America kutero, chifukwa minda, zitsime ndi mkaka wa ng'ombe m'madera ngati Fairfield zinapezeka ndi PFAS. Matope onse aja anafunika kopita, ndipo ambiri analowera ku Juniper Ridge.

Matope a suweji ndi onyowa, oterera. Kuti phiri lisagumuke amawasakaniza ndi zinyalala zouma, zikuluzikulu, zomwe zambiri zinali zija zochokera kunja kwa chigawo. Kumayambiriro kwa 2023 Casella inalengeza kuti zouma zachepa, mtaya uli pa chiopsezo, ndipo inayamba kukana matope ena n'kumawatumiza ku New Brunswick ku Canada. Matawuni anakhala ndi mantha kuti matanki awo a suweji asefukira. Aphungu anabwerera m'mbuyo, n'kulola kuti zina mwa zinyalala zakunja zilowebe kwa zaka ziwiri. Anthu omwe anamenyera lamulo lija loletsa zinyalala zakunja kwa zaka zambiri analiona likufooketsedwa miyezi yochepa litangoyamba kugwira ntchito.

Vuto la matope ndi lenileni, sindikutsutsa. Chigawo chonse chimagwiritsa ntchito zimbudzi, ndipo zotsalira zake ziyenera kupita penapake. Chomwe anthu a ku Old Town, Alton ndi Indian Island akukana n'chakuti penapake pamenepo pazikhala pakhomo pawo nthawi zonse, pomwe sanafunsidwe mokwanira pachiyambi.

Mu Okutobala 2024 nthambi ya boma la Maine yoona za chilengedwe inagamula kuti kukulitsa mtayawu ndi maekala ena 61 n'kopindulitsa anthu, ndipo inaika lamulo lakuti pakhale makina ochotsa PFAS m'madzi akuda aja. Mwezi wotsatira, a Penobscot pamodzi ndi bungwe lomenyera chilengedwe la Conservation Law Foundation anakasuma kukhoti. Mfundo yawo inachokera m'lamulo lija la 2022 lotseka mpata wa zinyalala zakunja, lomwe limatinso boma lisanavomereze kukulitsa mtaya liyenera kuona ngati anthu oyandikana nawo akuchitiridwa chilungamo pa nkhani ya chilengedwe. Iwo anati boma silinawerengere katundu yense yemwe derali lasenza kale: fungo, utsi, dioxin wa dzana ndi PFAS wa lero.

Mgwirizano wa Casella wa zaka 30 uja ukutha mu 2034.