Tisanagule penti, tiyambe takhala pansi ndi agogo

(Zolankhulidwa pamsonkhano wa mudzi ku Mulanje, wokonzekera chithunzi cha pakhoma la holo. Analankhula ndi mayi wa zachikhalidwe komanso mmisiri wa zomangamanga.)

Mayi wa zachikhalidwe:

Zikomo a Gulupu, mafumu nonse, agogo athu, amayi ndi abambo. Inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, senderani kuno, ntchito yambiri ikhala m'manja mwanu.

Komiti yatiuza kuti ndalama yapezeka yoti pakhoma la holo ino pajambulidwe chithunzi cha nzeru zimene makolo amasiyira ana awo. Pempho langa ndi lakuti musathamangire kugula penti, musathamangirenso kuitana wojambula. Ntchito yotereyi ikayambira kwa wojambula, chimatuluka ndi chithunzi chimene tonse tinachionapo: gogo wakhala patsinde pa mtengo, ana amuzungulira, kumbuyo kuli phiri. Chokongola ndithu, koma mwana akaima pamenepo saphunzirapo kanthu. Ife tikufuna chithunzi choti agogo akhoza kuima pambali pake, n'kuloza ndi ndodo, n'kuuza mdzukulu kuti, "Ukuona apa? Apa ndiye timataya madzi oyamba."

Kujambula pofuna kuphunzitsa si chinthu chobwera ndi alendo. Ku Chongoni ku Dedza kuli malo 127 a zojambula pamiyala, omwe UNESCO inawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira anajambula ndi Akafula, zoyera ndi Achewa, ndipo zina mwa zoyerazo zinali zophunzitsira atsikana kuchinamwali. Ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni mu 1976, makoma a nyumba yosungiramo zakale ya Chamare amafotokoza mbiri ndi zithunzi zokhazokha. Komiti ikapeza thiransipoti itumize anthu awiri akaone. Ifenso kuno tili nazo zoti tionetse: gule wa tchopa analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014, ndipo phiri lathuli linalowa mu 2025 chifukwa cha miyambo yolizungulira.

Choyamba ndi kusankha. Khoma ndi limodzi, nzeru ndi zambiri: kuluka malichero, kuumba mbiya, kumanga nkhokwe, kuyang'ana mitambo paphiri n'kudziwa za mvula, kuvina tchopa. Mukati muike zonse, palibe chidzaoneke bwino. Sankhani zitatu, zikachulukitsa zinayi. Osankhawo asakhale a komiti okha. Konzani timisonkhano tating'ono, amayi paokha, abambo paokha, chifukwa pamaso pa mafumu ndi apongozi, agogo aakazi ambiri amangoti "zili bwino" pomwe m'mutu ali nazo zambiri. Muziika Lamlungu masana kuti ogwira ntchito kuesiteti nawonso akhalepo. Kumbukiraninso kuti mudzi uno muli Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao. Khoma likalankhula za mtundu umodzi wokha, enawo adzalidutsa osaliyang'ana.

Ofunsa mafunso akhale achinyamata, awiri kwa gogo mmodzi, wina ndi kope, wina ndi foni. Ndipo musafunse ndi pakamwa pokha. Gogo mukawafunsa kuti kalongonda amaphika bwanji, ayankha mwachidule kuti "timawiritsa." Apempheni aphike, inu mukhale pomwepo kuyambira mmawa. Mudzaona kuti amawiritsa kaye, n'kusenda makoko, madzi akuda aja n'kukataya kutali ndi ana, kuthira ena, kuwiritsanso, kutayanso, mpaka dzuwa kupendeka. Mudzamvanso chifukwa chake: wodya kalongonda wophikidwa mothamanga amachita chizungulire, amasanza, ena amaoneka ngati asokonezeka mutu. Nzeru ili pa kutaya madzi paja, ndi pa kudziwa kuti tsopano wakwana. Chithunzi chikangosonyeza mphika uli pamoto, nzeruyo yatsala kunja. Lichero n'chimodzimodzi. Jambulani manja, pafupi: momwe agogo agwirira mpeni pong'amba nsungwi, chala chimene chikupanikiza poluka, momwe akumangira mkombero. Kukhala pansi kumeneku ndiye theka la ntchito yonse, chifukwa mnyamata amene wakhala tsiku lathunthu pafupi ndi mphika uja waphunzira kale, penti isanagulidwe n'komwe.

Agogowa alipidwe. Ndikunena izi motsindika chifukwa m'mabajeti ambiri mumapezeka penti, mabulashi, chakudya cha alendo patsiku lotsegulira, koma mwini nzeru palibe. Tsiku limene gogo wakhala nanu ndi tsiku limene sanapite kudimba. Akavomera, mayina awo alembedwe pakhoma pamodzi ndi la wojambula.

Pali zina zosayenera kukwera pakhoma la pamsewu. Za kusimba, za kujando ndi kunsondo, malire ake anene ndi anankungwi ndi angaliba, osati komiti, osatinso wojambula. Malo a nsembe kuphiriku, funsani kaye amene amatsogolera nsembezo. Pa mankhwala azitsamba, jambulani mtengo ndi tsamba lake, koma musalembe muyezo, mwana angakayesere, ndipo musasonyeze pamene mtengo wosowa umapezeka. Mkungudza unalengezedwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, koma pofika 2017 owerengera anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonseli. Chinthu chamtengo chikadziwika pamene chili, sichichedwa kutha.

Ena mwanena kuti pakhale za Napolo ndi za namondwe Freddy wa mu Malichi 2023. Maganizo anga ndi akuti matope ndi nyumba zogumuka zisajambulidwe, chifukwa amene anataya abale awo azidutsa pano tsiku ndi tsiku. Jambulani zimene makolo ankadziwa: malo amene sankalola kumangapo nyumba, ndi mitengo imene ankaisiya m'mbali mwa mitsinje.

Tsopano wojambula. Lengezani kumatchalitchi, kumzikiti, kusukulu ndi pawailesi, osangoyang'ana ku Blantyre. Alipo amisiri olemba zikwangwani ku Chitakale, ku Limbuli ndi ku Luchenza odziwa khoma ndi mvula yakuno. Pa ofunsira sankhani atatu, ndipo musakhutire ndi zithunzi za mufoni. Pitani mukaone ntchito yawo imene yatha zaka zitatu ili panja. Atatuwo muwapatse kangachepe kuti aliyense akhale ndi agogo aja tsiku limodzi, abweretse chojambula cha papepala. Musawajambulitse ulere, chifukwa waluso amakana ndipo mumatsala ndi wosimidwa. Ngati ndalamayi ikudzera kukhonsolo, funsiranitu malamulo awo a makotesheni, kuti mungasankhe munthu kenako malipiro n'kukanika.

Mukasankha mmodzi, chojambula chake chikulitsidwe, masentimita 10 papepala kuimira mita imodzi pakhoma, chipachikidwe pano kwa milungu iwiri. Eni nzeru aja ndiwo akonze. Zolakwa zimakhala zazing'ono koma zochititsa manyazi: ng'oma yagwiridwa molakwika, wovina tchopa alibe katundu wake wa kumsana, mafuwa ajambulidwa anayi. Papepala n'zofufutika, pakhoma n'ndalama. Mawu olembedwa m'Chilhomwe kapena m'Chiyao awerengedwe ndi anthu awiri odziwa kulemba chinenerocho. Yang'aniraninso kuti mtundu umodzi wa penti usachuluke mpaka khoma kuoneka ngati la chipani.

Mgwirizano ulembedwe, mboni zisainire. Mulembe kukula kwa chithunzi, mtundu wa penti ndi amene akagule, tsiku loyamba ndi lomaliza. Malipiro akhale m'magawo: K30 pa K100 iliyonse poyamba, K30 chojambula chikavomerezedwa n'kusamutsidwira pakhoma, K30 pomaliza, K10 yotsalayo mvula yoyamba ikadutsa khoma lili bwinobwino. Mukapereka yonse poyamba, ntchito imaima pakati. Mukakana kuperekako poyamba, mmisiri amagula penti yotchipa ndi ndalama yake. Mulembenso kuti aphunzitsa achinyamata anayi, awiri akhale atsikana, ndipo agwire bulashi, osati kumangotunga madzi. Chomaliza ndi umwini. Wina akafuna kusindikiza chithunzichi pa malaya kapena pa kalendala, chilolezo apereke ndani, ndalama ipite kuti? Lamulo la zaumwini wa luso la 2016 limateteza ntchito ya wojambula komanso zinthu za chikhalidwe cha makolo, ndipo a COSOMA, bungwe loona zaumwini wa luso, akhoza kukuunikirani musanasaine. Za khoma lenilenilo ndisiyira anzangawa.

Mmisiri wa zomangamanga:

Zikomo mayi, zikomo mafumu. Chithunzi sichiphedwa ndi dzuwa kwambiri kuno ku Mulanje, chimaphedwa ndi madzi. Ndiye tiyambe ndi kusankha khoma. Loyang'ana kummwera chakummawa ndi limene chiperoni chimamenya, limamera ndere ndi nkhungu. Loyang'ana kumadzulo limapsa ndi dzuwa la masana, mitundu imasuluka msanga. Sankhani khoma limene malata atulukira kunja bwino, masentimita 60 kapena kuposa, ndipo ngati madzi a padenga amagwera patsinde pake, konzani ngalande ndi kakhonde ka simenti kaye.

Khomalo liyesedwe katatu. Gogodani ndi mpini wa hamala paliponse. Pamene pakulira ngati mkati muli mphako, pulasitala wasiyana ndi njerwa, pagumulidwe. Pakani chikhatho, chikatuluka choyera, ndiye kuti pali laimu kapena penti yotha mphamvu, ipalidwe yonse ndi bulashi yawaya, chifukwa penti yatsopano sigwira pa laimu, imasendeka. Kenako matani pepala la pulasitiki, theka la mita mbali zonse, ndi tepi m'mbali monse, lisiyeni usiku ndi usana. Mukapeza madontho mkati mwake, khoma likukoka chinyontho kuchokera pansi. Mukaonanso ufa woyera wonga mchere m'munsimo, ndi vuto lomwelo. Khoma lotere musalipake musanathetse gwero la madziwo.

Pokonza pulasitala sakanizani gawo limodzi la simenti ndi magawo anayi a mchenga wosefa, wopanda dothi. Thirirani masiku 7, dikirani masiku 28 musanapake kalikonse. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri, chifukwa tsiku lotsegulira amalengezeratu, mlendo wolemekezeka waitanidwa kale, ndiye amapaka pa pulasitala wa sabata imodzi. Simenti yosauma imadya penti kuchokera mkati, imatupa matuza, mitundu imachita mawangamawanga.

Nthawi yake ndi iyi. Meyi ndi Juni, zokolola zitalowa, khalani ndi agogo. Julayi sankhani mmisiri. Ogasiti konzani khoma. Kupaka kukhale Seputembala ndi Okutobala, chiperoni chitatha, mvula isanayambe. Muzipaka mmawa mame atauma, ndi chakumadzulo. Khoma likatentha masana penti imauma pamwamba pokha, mkati isanagwire.

Tiwerengere khoma la mamita 12 mulitali ndi 3 kukwera, ndiwo masikweya mita 36. Lita imodzi imakwana pafupifupi masikweya mita 8 pa pulasitala wosalala, pa wokhakhala imachepera pamenepo. Pulaima ya pulasitala, penti yoyambirira yothandiza kuti inayo igwire, kupaka kamodzi, malita 5. Penti yoyera ya pansi, kupaka kawiri, malita 10. Mitundu yojambulira awerengere mmisiri malinga ndi chithunzi. Gulani penti yamadzi ya akiliki yolembedwa kuti ndi yapanja. Penti ya PVA yotchipa ya m'nyumba imasukuluka ndi mvula ziwiri. Penti yamafuta imawala bwino poyamba, koma imatsekera chinyontho mkati, kenako imasweka. Pa mitundu, yofiirira, yachikasu chadothi ndi yakuda, yochokera ku okusaidi, ufa uja wopatsa simenti mtundu, imapirira dzuwa. Yofiira yowala ndi yapinki imayamba kusuluka. Mwayi wake ndi woti mitundu yopirirayo ndi yomweyo ya dothi limene amayi amazirira nyumba. Akagule penti akhale anthu awiri, zitini zitsegulidwe pano pamaso pa komiti, chifukwa penti yothiridwa madzi mopitirira muyezo sidziwika tsiku loyamba.

Chithunzi chiyambire theka la mita kuchokera pansi. M'munsimo pakani mtundu umodzi wakuda, ndi pamene matope amathovukira ndi pamene mbuzi zimadzikanda. Posamutsa, lembani mabokosi a theka la mita ndi choko ndi chingwe, aliyense wa achinyamata aja apatsidwe mabokosi ake. Pamwamba musakwere pa madiramu osanjikiza. Mangani sikafodi ya mitengo yolimba ndi matabwa awiri ogundizana.

Funso lochokera kwa a nyakwawa ena:

Nanga tikafuna chosema kapena chiboliboli choima pabwalo, osati chapakhoma?

Mmisiri wa zomangamanga:

N'zotheka afumu, koma mtengo wake umakwera. Chamtengo chisakhudze dothi, chiswe chingachimalize. Chikhale pa nsanamira ya konkire, chomangidwa ndi mabawuti, pansi pa kadenga, ndipo mtengowo ukhale wodulidwa ndi chilolezo cha a zankhalango, osati mkungudza. Chasimenti chimafuna zitsulo mkati, ndipo chitsulo chilichonse chikwiririke ndi simenti yokhuthala masentimita 4 kapena 5. Ikachepa, madzi amalowa, chitsulo chimachita dzimbiri n'kutupa, simenti n'kung'ambika. Zimayambira pa zala, pa mphuno, pa chilichonse chowonda, ndiye mmisiri aumbe manja ogundana ndi thupi kapena ogwira chinthu.

Chilichonse mungasankhe, patulani K10 pa K100 iliyonse ya bajeti yonse kuti ikhale yosamalira. Chaka chilichonse mvula ikatha, tsukani khoma ndi madzi, sopo pang'ono ndi bulashi yofewa, dulani nthambi zimene zikulichititsa mthunzi, tsekani ming'alu isanakule. Mmisiri asiye pepala la mitundu yonse ndi kasakanizidwe kake, chojambula cha papepala chija, ndi penti yotsala yotsekedwa bwino, zonse zisungidwe ndi mlembi wa komiti. Achinyamata ophunzitsidwa aja ndiwo azidzakonza pofufutika, ndipo alipidwe kuchokera m'thumba lomwelo.

Mayi wa zachikhalidwe:

Tisanabalalike, achinyamata amene mukufuna kukhala ndi agogo lembetsani mayina kwa alembi, tikufuna asanu ndi atatu. Amayi akumana Lamlungu likubwerali pano pomwe, abambo Lamlungu linalo. Agogo amene kuyenda kukuwavuta, tiuzeni nyumba zawo, magulu akawapeza konko. Zikomo a Gulupu, tikubweza bwalo kwa inu.