Makalata a Omvera: Sikelo Yafika Chimanga Chisanaume

Moni nonse kumene muli, kaya mwakhala pakhonde mukutonola chimanga, kaya muli m'minibasi kuchokera kuntchito. Thumba la makalata lalemera sabata ino, ndipo pafupifupi kalata iliyonse ikukamba za masika. Mvula yasiya, mapesi auma, m'mawa kwayamba kamphepo kolowa m'mafupa. Monga mwa nthawi zonse, maina sinditchula, ndingonena kumene kalata yachokera.

Yoyamba ndi ya mnyamata wa ku Thyolo. Akufunsa ngati agule juzi pakaunjika panopa kapena adikire malipiro a mwezi wa mawa. Achimwene, gulani lero. Inu a ku Thyolo ndi Mulanje mukuidziwa chiperoni, kamvula kowaza kaja kochokera mbali ya phiri la Chiperone ku Mozambique. Ikangoyamba mu June, wogulitsa kaunjika nayenso amakhala waiona, ndipo juzi yomweyo amaiitanira mtengo wa suti.

Agogo a ku Ntcheu alembetsa mdzukulu wawo, akudandaula kuti atsikana a masiku ano safutsa ndiwo. Agogo, mwanena zoona, ndipo nthawi yake ndi ino yomwe, nkhwani, khwanya ndi chitambe zisanakhwimiretu. Kungowiritsa pang'ono, kuyanika pamphasa, n'kumanga m'chikwatu cha masamba a msuku, kupachika kukhitchini. October akafika, dzuwa likuswa mtengo, mfutso wotendera umaposa nyama. Koma mdzukulu amene wakulemberani kalatayu musangomudandaulira, mukhale naye pansi aone mmene manja anu amachitira.

Tsopano pali kalata imene yandigoneka mochedwa. Yachokera kwa mayi wina wa m'boma la Dowa. Ndiwerenga mmene alembera.

“Bambo, ine ndi mayi wa ana anayi. Chaka chatha tinakolola matumba 22 a chimanga. Tinalima tonse, ine ndi amuna anga, feteleza wina tinachita kukongola ku banki m'khonde m'dzina langa. Mavenda atangoika sikelo pamsika, amuna anga anayamba kutulutsa matumba, lero awiri, mawa atatu. Anagula foni ndi sipika, zina sindikudziwa kumene zinapita. Pofika December m'nyumba munalibe kanthu. January ndi February ndinkayenda maganyu n'kumagula chimanga cha pambale, ana akudya kamodzi. Wamng'ono anasiya kupita kusukulu masabata awiri chifukwa ankachita chizungulire. Chaka chino takolola bwino ndithu, koma sikelo yafika kale, ndipo dzulo ndawamva akuwerenga matumba ndi mnzawo. Ndikati ndilankhule amati munda ndi wawo. Kodi ndikabise matumba ena kwa amayi anga usiku? Ndithandizeni.”

Mayi, pepani. Mawu akuti ankachita chizungulire ndawawerenga kangapo. Mwana wa mlimi amene anakolola matumba 22 sayenera kuona mdima m'kalasi chifukwa cha njala.

Ndisanayankhe funso lanu, ndilankhule ndi bambo a m'nyumbamo, popeza ndikukhulupirira kuti sipika munagula ija imagwiranso wailesi. Bambo, sindikukunyozani. Ndikudziwa mmene masika amakhalira kwa munthu amene wakhala miyezi isanu osagwira ndalama. Ngongole zikukudikirani, sopo watha, fizi ya mwana, malata mwakhala mukuwalota zaka. Ndiye munthu akubwera ndi sikelo mpaka pakhomo, ndalama zili m'manja. N'zovuta kukana. Koma taonani chimene chimachitika. Mu April ndi May aliyense akugulitsa, mtengo umagwa. Vendayo sadya chimanga chanucho. Amachithira mankhwala, n'kuchisunga, n'kudikira. January akafika, inuyo mumapita kwa munthu yemweyo, chipewa m'manja, kukagula chimanga chomwe chija pamtengo umene simungaukhulupirire. Ndalama yogulira mumaipeza popalira m'munda mwa wina, wanu ukumera tchire, ndiye zokolola za chaka chotsatira zimachepanso. Njala ya chaka chino imabala ya chaka chamawa.

Ndipo pogulitsa mothamanga chonchi mumaluza kawiri. Chimanga chikakhala chosaumitsa, venda amakudulani mtengo ati n'chachinyezi. Sikelo zina n'zokhotetsa, ndowa zina n'zomenya pansi kuti zikule mimba. Unduna wa za Malimidwe umalengeza mitengo yoyambira chaka chilichonse, ndipo sikelo yogulira mbewu imayenera kukhala yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Ndi angati mwa ife amafunsa zimenezi tisanatsitse thumba panjinga?

Tsopano mayi, za kubisa matumba. Ine ndikuti ayi, musatero usiku ngati wakuba, chifukwa chimangacho si chakuba. Thukuta lanu lili momwemo, ngongole ya feteleza inali m'dzina lanu. Mukabisa, tsiku lodziwika mlandu udzatembenuka, nkhani idzakhala ya mkazi wozembetsa chakudya, za foni ndi sipika zija zidzaiwalika. Chitani poyera. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri sabata yomwe ino, thumba lina lisanatuluke. Unkhoswe si wa tsiku la ndewu lokha. Pamaso pawo muwerenge limodzi. Inu ndi amene mumapita kuchigayo, ndiye mukudziwa kuti thumba la makilogalamu 50 limatha masabata angati pakhomo panu. Tinene kuti anthu asanu ndi mmodzi mumatha thumba pa masabata atatu. Chaka chili ndi masabata 52, ndiye kuti mukufunika matumba 18, osawerengera maliro, alendo ndi mbale ya kutchalitchi. Pa matumba 22 a chaka chatha aja, ogulitsa anali anayi okha. Bambo akaona nambala imeneyi pamaso pa malume awo, kukamwa kumalemera. Mukagwirizana, matumba a chakudya muwalembe chizindikiro, ndipo ngati onse avomereza kuti ena akasungidwe kwa amayi anu, apite masana dzuwa likuwala. Ndalama ya sopo ndi fizi ichokere ku soya, mtedza kapena matumba otsalawo, ndipo ngati n'kotheka muwasunge mpaka mtengo utadzuka.

Mwanena kuti amati munda ndi wawo. Kaya muli pachitengwa kaya iwo ndi mkamwini, mimba za ana anayiwo sizidziwa mwini munda. Ndipo ngati kulankhula za chakudya kumabweretsa chibakera, mayi, pamenepo musadikire ankhoswe okha. Pitani kwa amfumu, pitani kupolisi ku Victim Support Unit. Kalata yanu sinanene zimenezo, koma ndaona kuti ndisasiye osanena.

Ndikamawerenga kalata ngati iyi ndimakumbukira nkhokwe ya mayi anga. Inali kuseri kwa nyumba, yomata ndi dothi, yofolera bwino. Ife ana ndi amene tinkakwezedwa kulowa m'katimo kukatapa chimanga, fumbi likuyabwa m'khosi, mayi ali pansi ndi dengu. Akati basi, zinali basi, ngakhale chitsononkho chimodzi osawonjezera. Bambo anga, munthu woopedwa pabwalo, sankayandikira nkhokwe ija osawafunsa. Sikuti ankawaopa. Ankadziwa kuti amene amaphika ndi amene amadziwa kutalika kwa chaka. Lero nkhokwe zatha chifukwa cha akuba, chimanga tikugona nacho kuchipinda m'matumba, ndipo thumba ndi losavuta kulikweza panjinga mkazi ali kumjigo. Kale kuti ugulitse chimanga unkayenera kupasula nkhokwe mudzi wonse ukuona. Manyazi aja ankatisunga.

Tisaiwalenso kumene tachokera. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda kummwera. Chaka chotsatira, 2024, ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Amene mwakolola chaka chino, palibe wakulonjezani kuti chaka chamawa mvula idzagwa bwino. Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Mayi a ku Dowa, mundilemberenso ankhoswe akakhala pansi. Ndikufuna kumva mmene zathera.

Makalata asanu, ochokera ku Mchinji, Balaka, Kasungu ndi awiri a ku Lilongwe, onse akulira chinthu chimodzi: anankafumbwe. Wina akuti pofika September chimanga chinali ufa wokhawokha. Abale anga, nkhani iyi imabwera chaka ndi chaka, ndipo ndikafunsa ndimapeza kuti ambiri timathamangira kuthira mankhwala chimanga chisanaume. Yanikani palona kapena pamphasa, osati padothi. Kuti mudziwe ngati chauma, tengani botolo lagalasi louma bwino, muikemo chimanga chodzaza dzanja ndi mchere wouma, mutseke, mukhutchumule, mudikire pang'ono. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi madzi, chibwerere padzuwa. Chimanga chonyowa chimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Kuphika sikumuchotsa. Mtedza ndiye umagwidwa kwambiri, choncho chizolowezi chowaza madzi mtedza kuti usavute kuswa chithe. Chowola musapatse ana, musapangire thobwa.

Mukathira Actellic kapena mankhwala ena a fumbi, tsatani muyezo wolembedwa pabotolo ndipo gulani m'sitolo yodziwika, chifukwa pamsika pamapezeka ufa woyera wongoikidwa m'botolo. Amene mungathe, matumba a PICS aja ndi abwino: ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi thumba wamba kunja, mukamanga bwino lililonse palokha mpweya sulowa, anankafumbwe amafa okha popanda mankhwala. Mdani wake ndi khoswe, akangoboola ntchito yatha. Matumba asakhudze pansi kapena khoma, ikani pamitengo. Ndipo chonde, mapilisi ofukizira aja amene ena amaponya m'matumba, musawagwiritse ntchito m'nyumba yogona anthu. Mpweya wake umapha munthu.

Mayi a ku Mzimba akuti udzu umene ankayembekeza kumweta wofolerera nyumba wapsa, anyamata osaka mbewa anayatsa tchire. Anyamata inu, mbewa ndi ndiwo, palibe akukana, kapuku wowamba ndi mchere amatsitsa nsima. Koma mbewa khumi zikuposa denga la mayi wamasiye? Kumbani ndi khasu, tcherani misampha. Nanunso eni minda, mapesi musatenthe, agonekeni m'munda kapena muwaunjike apange manyowa. Amene udzu wanu ukadalipo, mwetani msanga, mumange mitolo, muimike pamalo olambula.

Achimwene ena alemba kuchokera ku Johannesburg. Akuti kumeneko masamba ayamba kuyoyoka, kuzizira kwayamba kuluma, ndipo akufunsa ngati atumize mabulangete pabasi kapena ndalama. Achimwene, funsani alamu athu kunyumba, ndi amene akudziwa chimene chasowa. Koma mukandifunsa ine, bulangete limodzi la ana likwere basi, ndalama yotsalayo agulire chimanga panopa pamene chatsika mtengo, asunge. Mudzandithokoza mu January foni ikadzasiya kulira pakati pausiku. Ndipo inuyo kumeneko, June wa ku Joni timamumva mbiri yake, madzi amachita kuuma pampopi. Musagone ndi mbaula m'chipinda chotseka.

Chenjezo limeneli ndi la ife tonse, makamaka a ku Dedza, Ntcheu ndi Mzuzu kumene chisanu chimafika msanga. Makala akamayaka m'chipinda chopanda mpweya amatulutsa utsi wosaoneka, wosanunkha. Munthu amangomva mutu, tulo, osadzukanso. Othani moto, mukafuna kugona mbaula ituluke panja. Ana aang'ono asakhale okha pamoto, zipatala zimalandira ana ambiri opsa miyezi yozizirayi.

Msodzi wa ku Nkhotakota akupereka moni kwa anzake a padoko ndipo akuti mwera wayamba kuwomba. Moni wafika, bambo. Mverani za nyengo pawailesi musanakankhe bwato, usipa udzakhalapobe mawa.

Mtsikana wa ku Zomba akufunsa chochita ndi maungu amene adzaza pakhonde. Asungeni pamthunzi pouma, osawachotsa kaphata, amakhala miyezi. Nthanga zake musataye, kazingani zina, zina musungire kudzala. Ndipo ena apatseniko aneba amene sanakolole.

Nthawi yatithera, makalata atatu atsala, a ku Nsanje, Chitipa ndi Chipata, ndiyamba nawo sabata yamawa. A ku Nsanje, funso lanu la mbewu ya kudimba ndalipereka kwa alangizi, yankho lidzakhala lokonzeka. Tsalani bwino.