Mwasintha ekizozi? Kabuleta nayo ikufuna muitcherenso

Moni nonse okonda njinga zamoto. Mwamanga ekizozi yatsopano, njinga ikulira mokoma, koma mukangosiya moto mukumva pa-pa-pa kumbuyo, ndipo injini ikutentha kuposa kale. Vidiyo ya lero ndi yanu.

Ekizozi yochokera kufakitale imaletsako utsi kutuluka mwaufulu, ndipo kabuleta, yomwe imasakaniza petulo ndi mpweya, anaitchera potengera zimenezo. Yatsopanoyi ndi yotseguka. Utsi ukutuluka mosavuta, injini ikukoka mpweya wambiri, koma petulo akadali yemweyo. Kuti petulo apse yense pamafunika magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo poyeza kulemera, ndipo injini imakoka bwino kwambiri petulo akachulukirapo, cha pa 12.5 kapena 13. Petulo akachepa kutentha kumakwera, ndipo zikapitirira valavu imapsa, pisitoni ikhoza kubooka. Zimandiwawa kuona injini yabwinobwino ikuwonongeka chifukwa cha kajeti kakang'ono ngati kambewu ka chimanga, kachitsulo kabowo komwe petulo amadutsira mu kabuleta.

Musanatsegule kabuleta, yang'anani pomwe ekizozi yalumikizana ndi injini. Gasiketi ikamapuma, mpweya umalowa mu paipi n'kuphulitsa petulo wotsala, ndiye kuphulika kuja kumamveka ngakhale kabuleta ili bwinobwino. Onaninso labala ya pakati pa kabuleta ndi injini ngati yang'ambika, ndipo fyuluta ya mpweya ikhale yoyera. Kenako yendetsani njinga mphindi 10 kapena 15. Injini yozizira imanama.

Tsopano onani apa. Mu kabuleta petulo amadutsa njira zitatu. Kuyambira pa idle, pomwe injini ikulira musanapatse moto, mpaka kota ya moto, ntchito ndi ya jeti yaing'ono yotchedwa pilot jet ndi sikuluu yake. Kuchokera pa kota mpaka makota atatu, ikulamulira ndi singano. Kuchokera pamenepo mpaka moto wonse, ndi jeti yaikulu yotchedwa main jet. Matani katepi pa chogwirira cha moto, mulembe zizindikiro zimenezi, kuti njinga ikamavuta mudziwe ikuvutira pati.

Pa sikuluu ya pilot jet ija ndi pomwe ambiri amasokonekera. Ikakhala mbali ya injini, monga zimakhalira pa njinga zambiri za four-stroke, ndi ya petulo, ndipo mukaimasula petulo amachuluka. Ikakhala mbali ya fyuluta ndi ya mpweya, ndiye mukaimasula petulo amachepa. Imangeni pang'onopang'ono mpaka ifike, mukuwerenga kuti yazungulira kangati, ndipo mulembe nambalayo. Osaikakamiza, nsonga yake imaphwanyika msanga. Ibwezereni pomwe inali, lizani injini, kenako muziizunguliza kota imodzi imodzi mukumvetsera. Pomwe injini ikulira mokwera komanso mosadukiza, imani pomwepo, mutsitse idle ndi sikuluu ina ya idle. Ngati ya petuloyo yapitirira katatu mukumasula koma injini ikufunabe, pilot jet yachepa, ikani yotsatira kukula.

Main jet muiyese pa msewu wotetezeka. Tsegulani moto wonse pa giya yapamwamba, kenako bwezani pang'ono chabe. Njinga ikakoka bwino mutabweza, petulo akuchepa. Ikamatsamwa n'kutulutsa utsi wakuda, wachuluka. Kwerani sitepe imodzi basi, mwachitsanzo kuchoka pa 110 kupita pa 112.5 ngati kabuleta yanu ndi ya kampani ya Mikuni. Manambala a jeti za kampani ya Keihin ndi a Mikuni si ofanana, musagule jeti poona nambala yokha. Ine ndimakonda kuyambira pokulirapo n'kumatsika, chifukwa petulo wochuluka amangodetsa pulagi pomwe wochepa amawononga injini.

Singano ili ndi timizere kumutu kwake. Mukatsitsa kilipi yogwira singanoyo mzere umodzi, singano imakwera ndipo petulo amachuluka pakatipa. Singano zina zilibe timizere, zimenezo mumaika kawashala kopyapyala pansi pa mutu wake.

Chitani chimodzi, yesani, lembani. Mukasintha jeti, singano ndi sikuluu nthawi imodzi, simudzadziwa chomwe chathandiza ndi chomwe chawononga.

Pulagi nayo ndi mboni, koma muifunse moyenera. Ikani yatsopano, thamangani ndi moto wonse, gwirani kilachi n'kuzimitsa injini nthawi yomweyo, osaisiya pa idle. Ikaoneka yoyera mbuu, petulo akuchepa. Ikakhala yakuda ndi mwaye, wachuluka. Tikufuna mtundu wa bulauni wowala. Ndipo njinga ikamayenda bwino mutakoka choki injini ili yotentha kale, imeneyo ikukuuzani poyera kuti petulo sakukwana.

Kumbukiraninso malo omwe mumayenda. Kumapiri mpweya ndi wopepuka, ndiye jeti yomwe ili bwino kumunsi imakhala yaikulu mukakwera, ndipo nyengo yozizira imafuna petulo wochulukirapo kuposa yotentha. Kaphokoso pang'ono posiya moto sikachilendo pa ekizozi yotseguka, musathamangire kuthira petulo wambiri kuti kathe. Koma idle ikamachedwa kutsika mutasiya moto, bwererani ku labala ija ndi ku pilot jet musanayende ulendo wautali.