Tchaja, chingwe ndi foni zimayamba zakambirana kaye

Zikomo amayi, abambo ndi achinyamata nonse. Amene mwabwera ndi tchaja, itulutseni, muyang'ane timalemba tating'ono tili pamutu pakepo, pamene palembedwa Output. Ena mukuona 5V 2A. Ena mukuona mizere ingapo: 5V 3A, 9V 3A, 15V 3A, 20V 3.25A. V ndi ma volt, mphamvu imene ikukankha magetsi. A ndi ma amp, kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa. Mukachulukitsa ziwirizi mupeza ma watt, amene amalembedwa W. 5 ndi 2 ndi 10W, pamene 20 ndi 3.25 ndi 65W.

Kale USB inkatulutsa 5V basi, ndipo bowo la kompyuta yakale linkapereka 2.5W yokha. Mu 2012 bungwe la USB-IF, loyang'anira miyezo ya USB, linakhazikitsa muyezo wa USB Power Delivery, mwachidule PD. Mvetserani bwino apa. Mukangolumikiza, tchaja ya PD imayamba ndi 5V. Kenako, kudzera pa kawaya kotchedwa CC ka m'chingwe cha USB-C, imauza foni mphamvu zonse zimene ili nazo. Foni imasankha imodzi, tinene 9V, tchaja n'kuvomera, n'kukweza. Foni ikapanda kupempha, zimakhalabe pa 5V. Ndiye musaope, tchaja yeniyeni ya laputopu ya 65W siwotcha foni. Foniyo imangotapa mlingo wake.

Pamene ambiri timataya ndalama ndi pa chingwe. Chija cha mutu waukulu wa USB-A mbali imodzi, PD sigwira nacho ntchito, chifukwa kawaya ka CC sikafika kutchaja. Pamafunika C mbali zonse ziwiri. Komanso chingwe wamba cha C chimalekeza pa 3A, kutanthauza 60W pa 20V. Kuti mudutse pamenepo pamafunika chokhala ndi kachipu kotchedwa e-marker m'mutu mwake, kamene kamauza tchaja kuti 5A ndingaipirire. Pokhapo 100W itheka, ndipo muyezo wa mu 2021 unafikitsa 240W pa 48V, ndi zingwe zakezake. Zingwe zotchipa zija zimakhala ndi timawaya topyapyala mkati, moti magetsi amathera m'njira n'kusanduka kutentha. Chingwe chikamatentha pafupi ndi mutu, chitayeni, musachimange ndi tepi.

Si foni iliyonse imatsata PD yokha ayi. VOOC, njira yotchajira mwachangu ya mafoni a Oppo, imafuna tchaja ndi chingwe chake chomwe. Samsung kuti ifike 25W imafuna tchaja yokhala ndi PPS, imene imasintha ma volt pang'onopang'ono malinga ndi batire. Pogula, funani malemba amenewo pa tchajapo.

Mayi uko afunsa chifukwa chake foni imachedwa ikafika cha m'ma 80 peresenti. Palibe chawonongeka mayi, foni imachepetsa dala pofuna kuteteza batire, ndipo imateronso ikatentha. Musamaitchajire padzuwa kapena pansi pa pilo.

Foni ikamati kutchaja, kuleka, kutchajanso, musathamangire kugula tchaja ina. Zimitsani foni, muunike m'bowomo ndi tochi. Nthawi zambiri mumakhala fumbi ndi ubweya wa m'thumba zotsinirana pansi. Tokosani mofatsa ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano kapena phini.

Tchaja yachinyengo mudzaidziwa: yopepuka ngati mulibe kanthu, imatentha msanga, ndipo sikirini imayamba kudumphadumpha mukamaigwira ili pa magetsi. Imeneyo izuleni pakhoma nthawi yomweyo, ikhoza kudutsitsa 230V mpaka m'manja mwa mwana.